Musaumire pa power supply, yambani mwawerenga mzere wa 12V

Achinyamata ambiri akamasonkhanitsa ndalama zogulira kompyuta ya magemu, maso onse amakhala pa graphics card. Power supply amaigula pomaliza ndi tindalama totsala. Ine ndikuti kumeneko n'kulakwitsa, chifukwa kabokosi kameneka kakapsa nthawi zina kamapita limodzi ndi zida zodula zija.

Ntchito yake n'njotani? Magetsi a pakhoma kuno kwathu ndi 230V AC, pomwe zida za m'kompyuta zimafuna DC ya 12V, 5V ndi 3.3V. Power supply ndiyo imasintha magetsiwo. Zida zimene zimadya magetsi ambiri, graphics card ndi purosesa, zimadalira 12V.

Tsono apa m'pamene Fizikisi ya m'kalasi ija ikupulumutseni. Mukukumbukira P = VI, eti? Musakomedwe ndi nambala yaikulu yolembedwa pa katoni. Yang'anani kapepala komatidwa m'mbali mwa power supply, mupeze ma ampere a pa 12V, kenako muchulukitse. Ngati alemba 18A, ndiye kuti 12 × 18 = 216W basi, ngakhale katoniyo ikufuula kuti 500W. Ngati alemba 45A, muli ndi 540W.

Nanga mufunika mawati angati? Titenge GeForce RTX 3060. Payokha imadya pafupifupi 170W, koma kampani ya Nvidia imalangiza power supply ya 550W. Mpata wotsalawo si wachabe ayi. Purosesa, mafani ndi zina zonse zikufunanso gawo lake, komanso gemu ikafika povuta, graphics card imakoka magetsi ochuluka mwadzidzidzi. Mpata ukasowa, kompyuta imangothima mpira uli mkati.

Onaninso chizindikiro cha 80 Plus. Chimatanthauza kuti mphamvu yosachepera 80 peresenti ya imene yalowa imafikadi ku zida. Kompyuta ikamafuna 400W pa 80 peresenti, pakhoma imakoka 500W, ndipo 100W imasanduka kutentha. Zolembedwa Bronze kapena Gold zimataya yocheperapo.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, ndalama zake zili kuti?" Zoona, yabwino imadula. Koma poti magetsi kwathu kuno amathimathima, mufunika yokhala ndi chitetezo cha OVP, chimene chimaithimitsa voteji yopita ku zida ikakwera mopitirira. Ndalama zikapereweza, ndi bwino mugule graphics card yocheperako mphamvu. Magemu mudzasewerabe, ndipo power supply yabwinoyo idzakutumikiraninso pa kompyuta yanu yotsatira.