Malire a minda akulowa m'kompyuta: tsikulo tisadzasowe



Ife amene tsitsi layera kuno ku Nkando tikukumbuka mmene malire a munda ankadziwikira: mzere wa nkhadze, khonje, chulu, kapena mango amene agogo anadzala. Lero nkhadze zinatha, chulu anaumbira njerwa, ndipo okalamba odziwa mbiri ya malo akutisiya mmodzimmodzi. Chotsala ndi milandu. Si kamodzi kapena kawiri pamene anthu obadwa bere limodzi atikokera pambali tikatuluka mu Jumu'ah, nkhani yake mizere itatu ya nandolo basi.

N'chifukwa chake tikufuna tikambirane za mapu a pakompyuta, amene ophunzira amawatcha GIS. Setilaiti kapena drone imajambula dera kuchokera kumwamba, minda, mitsinje ndi madenga zonse kuoneka. Kenako munthu amayenda m'malire atanyamula kachipangizo ka GPS, n'kumalemba manambala a ngodya iliyonse ya munda. Kompyuta imasanjikiza zonsezi pachithunzi chimodzi: munda wa uje ndi uwu, manda ali apa, madzi osefukira anafika apa. Chulu munthu akhoza kugumula usiku, koma manambala aja sangawasunthe.

Izi si za kunja ayi. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, limalola munthu kapena banja kulembetsa munda n'kulandira chiphaso. Ntchitoyi anaiyesa kale kwa anansi athu ku Phalombe, komanso ku Kasungu ndi ku Rumphi. Lamulo lomwelo limati pakhale komiti yoona za malo, wapampando wake gulupu, ndi anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, osachepera atatu akhale amayi.

Maganizo athu ndi akuti tiilandire ntchitoyi, koma maso ali tcheru. Kompyuta siidziwa amene anagwetsa thengo. Imalemba zimene yauzidwa ndi amene analipo tsiku loyeza. Kwathu kuno ukwati ndi wachikamwini, munda umatsata kuchikazi. Ndiye mayi akakhala kuti wapita kuchigayo, mkamwini kapena malume n'kulembetsa dzina lake lokha, chinyengocho chikhala ndi chidindo cha boma. Nanga mayi wamasiye? Nanga ana amasiye amene sadziwa n'komwe pamene munda wa mayi awo unalekezera? Nanga mnyamata amene ali ku Joni? Amenewa ndi amene tiyenera kuwaimirira.

Ena akuti, "Ashehe, zimenezi ndi njira yotilandira malo." Mantha amenewa sitikuwaseka. Ife a ku Mulanje ndi ku Thyolo tikudziwa kuti nthaka yabwino inapita ku maesiteti a tiyi nthawi ya atsamunda, ndipo inapita ndi mapepala amene makolo athu sankatha kuwerenga. Koma taganizani bwino: amene analuza anali wopanda pepala. Kuthawa mapu sikungateteze munda. Chofunika n'chakuti mapuwo akatha, apachikidwe poyera kwa amfumu kapena pasukulu, mayina awerengedwe mokweza m'Chichewa, aliyense aloze pake ndi chala, ndipo wodandaula amvedwe chiphaso chisanatuluke.

Tivomerezenso kuti mapu adzatiuza zina zowawa. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anatiphera anthu ambiri ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre, minda n'kukwiririka ndi mchenga ndi miyala. Chithunzi cha kumwamba sichibisa: chimaonetsa pamene tadula mitengo m'mapiri, ndi pamene talima mpaka khasu kugwera m'madzi a Thuchila. Dothi lokokololokalo ndi lomwe likudzaza maiwe, nsomba n'kusowa poswanirana, ndipo asodzi anzathu akudziwa bwino zimenezi. Mapu akadzati apa musamange, apa siyani bango ndi mitengo zimere, tisadzakwiye. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Tsono tisadikire galimoto ya oyeza malo. Nyengo ino ya chilimwe banja lililonse likhale pansi, ligwirizane kuti munda uti ndi wa yani. Tengani agogo amene atsala, muitane oyandikana nawo munda, muyende malire limodzi achinyamata akuona, mudzale khonje kapena mitengo m'ngodya. Mudzi nawo ugwirizane za manda, madambo, njira zopita kumtsinje, malo a sukulu ndi opembedzerapo, kuti asadzalembedwe m'dzina la munthu mmodzi. Posankha komiti, sankhani anthu osaopa kunena zoona pamaso pa amfumu, amayinso akhale olankhula, osati ongodzazitsa mipando.

Makina akadzafika adzatipeze titamvana kale, ndipo tsiku loyeza aliyense adzaime pangodya ya munda wake.