Mbozi Yodula Mbeu Iri ndi Dzina Lake

Mlimi akalawirira kumunda napeza cimanga cake canthete citagona pansi, codulidwa patsinde monga ndi mpeni, amangoti mbozi zamulowera. Sananame, koma mbozi ziri za mitundu yambiri, ndipo wosazisiyanitsa amataya ndalama pa mankhwala osathandiza.

Mbozi yodula mbeu imacokera ku mazira a gulugufe wouluka usiku, amene akatswiri amamucha Agrotis ipsilon. Woyamba kumulemba m'mabuku anali Hufnagel wa ku Germany m'caka ca 1766. Dzina lakuti Agrotis liri ngati ciwongo, pakuti pali mbale wakenso, Agrotis segetum, woononga mofananamo. Onsewa ali m'banja lalikulu la Noctuidae, momwenso muli kapuci woboola phesi ndi nchemberezandonda.

Ena amati maina a Cilatini ndi cibwana ca ophunzira. Akulakwa, cifukwa ngakhale banja liri limodzi, makhalidwe ndi osiyana. Kapuci amakhala m'kati mwa phesi. Yodula mbeu imabisala m'dothi usana wonse, nituruka usiku kudzadula. Munthu akafukula ndi cala pafupi ndi mbeu yogwa amaipeza, yotuwa, ndipo akaikhudza imadzipinda. Kupopera mankhwala pamasamba dzuwa liri paliwombo ndi kutaya nchito, pakuti mdaniyo ali gone pansi. Gulugufeyu amakonda kuikira mazira pa udzu ndi zomera za m'munda, motero munda wolambulidwa bwino masabata angapo asanabzale suvutika kwambiri.

Dziko lino linaona kufunika kwa dzina kumapeto kwa 2016, pamene mbozi yacilendo yocokera ku America inagwa m'minda ya cimanga. Ambiri anaiyesa kapuci kapena nchemberezandonda zakale. Inali Spodoptera frugiperda, yokhala kunsonga kumene masamba atsopano amaturukira, ndipo Boma linacita kutumiza mankhwala m'zigawo pa ndege za asilikali.

Alangizi a zaulimi asamapereke malangizo asanaone mboziyo ndi maso. Mlimi nayenso asapite kwa mlangizi cimanjamanja. Aike mbozi ziwiri zitatu m'botolo pamodzi ndi mbeu yoonongekayo, anene kumene anazipeza, kaya m'dothi, m'phesi kapena kunsonga. Zikamukanika mlangizi, azitumize kwa akatswiri a ku Mount Makulu, ku Chilanga.