"Sikakuoneka" si "katha"

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, munthu amene akumwa bwino TARV akakayezetsa magazi, papepala pake pamalembedwa mawu a Chipwitikizi akuti "indetectável". Kuno kwathu, kuyambira ku Moatize mpaka pa malire a Zóbuè, ena mawuwa amawamasulira kuti "kachilombo katha". Ine ndikuti kumasulira kumeneku kungaphetse munthu.

Tanthauzo lake ndi lakuti kachilombo kachepa m'magazi kufikira poti makina sakukaona. Imeneyi ndi nkhani yabwino: thupi limalimba, ndipo munthuyo sapatsira mnzake pogonana. Koma kachilomboko sikanachoke. Mu 1997 akatswiri a ku America anaonetsa kuti HIV imalowetsa mbewu yake m'maselo a CD4 amene ali chigonere, n'kukhala phee zaka zambiri. Mankhwala amaletsa kachilombo kuswana, koma kogonako sakakhudza.

Alimi mukudziwa kaufiti. Mungapalire munda n'kuoneka woyera, koma njere zake zili m'dothi, zikudikira mizu ya chimanga kuti zimere. HIV imachitanso chimodzimodzi: munthu akasiya mankhwala, nthawi zambiri kachilombo kamabwerera m'magazi pakangopita masabata ochepa. Mwana wina wa ku Mississippi, wobadwa mu 2010, anayamba mankhwala atangotha maola 30. Atawasiya anakhala miyezi 27 kachilombo kosaoneka, anthu n'kumati wachira. Mu 2014 kanatulukiranso.

Alipo ochepa amene anachiradi. Woyamba anali Timothy Ray Brown ku Berlin, kenako Adam Castillejo ku London, amene nkhani yake inamveka mu 2019. Onsewa anali ndi khansa, ndipo anawaika maselo opanga magazi ochokera kwa anthu obadwa opanda khomo la CCR5, lomwe HIV imalowera. Chithandizochi n'choopsa, ena amafa nacho, ndipo sichingaperekedwe kwa anthu oposa mamiliyoni awiri amene ali ndi HIV m'Mozambique muno.

Kafukufuku sanaime. Ena akuyesa kudzutsa kachilombo kogonako kuti thupi likaone n'kukapha, monga mlimi amadzala soya kuti kaufiti amere n'kufa wopanda chakudya. Ku Durban, gulu la Pulofesa Thumbi Ndung'u linalengeza mu 2025 kuti mwa amayi 20 amene analandira mankhwala oyeserera, anayi anatha chaka chathunthu osamwa TARV kachilombo kosawagonjetsa. Koma onani: ambiri anabwerera pa mankhwala, ndipo onse ankayezedwa magazi pafupipafupi ndi madokotala.

Ena anganene kuti mawu oti "katha" amalimbitsa mtima. Inde, koma kwa masabata angati? M'makalasi mwathu muli ana obadwa ndi HIV amene amamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku. Mwana wotere akamva kwa mphunzitsi kapena kwa agogo ake kuti kachilombo katha, adzafunsa kuti nanga ndikumweranji? Funso lakelo lidzakhala lanzeru, olakwa tidzakhala ife.

Tsono tiziwauza zoona m'chilankhulo chimene amachimva: "Kachilombo kagona, mankhwala ndiwo akukagoneka. Akatswiri akufunafuna njira yokachotseratu, ndipo iwe uyenera kudzakhala uli moyo tsiku limene adzaipeze."

Nanga inu kwanuko "indetectável" mumaimasulira bwanji? Tilembereni m'munsimu.