Tsegulani Kabatiyo

Kuno ku Bindura kuli kabati imene ikundisowetsa mtendere. M'kati mwake muli katoni ya timabodi ta Arduino Uno, totsala pa maphunziro a zamagetsi amene bungwe lina linachititsa achinyamata. Maphunziro anatha kalekale, aphunzitsi anabwerera ku Harare, kiyi ili m'thumba mwa munthu mmodzi.

Ine ndinkamasulira pa maphunzirowo, m'Chishona ndi m'Chichewa, popanda malipiro. Ena ankawotcherera mawaya, ena ankasesa holo. Makompyuta akavuta, ankawadzutsa ndi mnyamata wina wokonza mafoni ku Chipadze. Titapempha kuti zotsalazo atigawire ife tinathandizafe, anati ndi katundu wa m'kaundula, ndipo wolandira aonetse chitupa cha unzika ndi kalata ya kusukulu.

Chitupa! Agogo athu anachoka ku Dedza ndi ku Ntcheu kudzakumba m'migodi ya dziko lino, ana awo n'kupatsidwa zitupa zowatchula alendo. Malamulo aakulu a 2013 anavomereza kuti wobadwira kuno kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika, ndipo Chichewa chili pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma amene makolo ake anamwalira opanda mapepala akuvutikabe kupeza ngakhale kalata ya kubadwa. Mnyamata wa mafoni uja ndi mmodzi wa iwo. Pogwira ntchito sanamufunse chitupa.

Akuluakulu inu, kodi mukudziwa chimene mwatsekeracho? Arduino inayambira ku Ivrea, ku Italy, mu 2005, kuti ophunzira apeze chipangizo chotsika mtengo. Mapulani a Uno ali poyera: aliyense ndi wololedwa kuwakopera, kuwasintha, ngakhale kupanga bodi yakeyake n'kugulitsa. Eni ake sanabise kalikonse, inu mwaika loko.

Mukuti ena adzagulitsa. Inde, wina adzagulitsadi, njala ilipo. Wogulayo akaigwiritsa ntchito, pamene ya m'kabati ikungodya fumbi. Mukuti othandiza ndi ndalama amafuna malipoti. Lembani mayina athu, tisaine, muwatumizire chithunzi cha zimene tapanga. Ndikukayika kuti angakondwe kwambiri ndi chithunzi cha katoni.

Ntchito yake ilipo kale. Bodi imodzi, sensa ndi kaswichi zitha kuzimitsa pampu thanki ikadzadza. Ina itha kuliza belu magetsi a ZESA akabwera pakati pa usiku, wowotcherera zitsulo adzuke agwire ntchito. Otiphunzitsanso alipo. Mgodi wa Trojan unaima mu 2008, unatsegulidwanso, mu 2024 unali utaimanso, ndipo m'makomboni muli madoda amene anakalambira pa mawaya a pansi pa nthaka. Bodi n'njachilendo kwa iwo, koma magetsi amawadziwa kuposa tonsefe.

Yambani ndi amene anagwira ntchito, chitupa kaya palibe. Bodi yoyamba ipite ku Chipadze.