Chikalata cha Madandaulo cha Achinyamata Omaliza Maphunziro a M'mbali mwa Nyanja ku Salima

Kwa: Bwanamkubwa wa Boma la Salima

Makope kwa: Wapampando wa Khonsolo ya Salima, Mkulu wa Ofesi ya Zantchito m'boma lino, Aphungu athu a Nyumba ya Malamulo, ndi Mafumu Maganga, Kuluunda, Makanjira, Pemba ndi Ndindi

Bwana,

Ife amene tasaina chikalatachi ndife ana a ku Senga Bay, Lifuwu, Chikombe, Ngodzi ndi Chipoka. Ena tili ndi madigiri a ku LUANAR, Mzuni, MUST, MUBAS, KUHeS ndi UNIMA, ena madipuloma, ena masatifiketi a TEVETA ochokera pa Salima Technical College pompano. Fizi yathu inachokera mu usipa wa pathandala ndi m'matumba a mpunga wa ku Lifuwu, ndipo ambiri tili ndi ngongole ya sukulu ya ku HESLGB imene ikutidikira. Lero mukatifuna mutipeza pa kabaza, m'tizikumbi ta Mpamba ndi Airtel Money, kapena usiku pa chilimira pamodzi ndi alovi. Ntchito zimenezi sitikuzinyoza, ndi zomwe zikutidyetsa. Koma amayi athu sanagulitse mbuzi kuti mwana akaphunzire za ulimi wa nsomba zaka zinayi kenaka adzawathandize kutembenuza usipa.

Salima si boma louma. Ku Nanjoka kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 amene anatsekulidwa mu 2021. Tili ndi fakitale ya shuga, minda ndi fakitale ya mango, mahotela ndi maloji a ku Senga Bay, malo a kafukufuku wa nsomba ndi wa mpunga, doko la Chipoka, njanji, ndi ntchito yoti madzi a m'nyanjayi apopedwe mpaka ku Lilongwe. Sitikuloza chala kampani iliyonse mwa zimenezi. Tikungokumbutsa kuti ntchito zofuna anthu ophunzira m'boma muno zilimo.

Dandaulo lathu lalikulu ndi lakuti ntchito za ku Salima zimalembedwera ku Lilongwe. Malo akapezeka, chidziwitso chimatuluka kulikulu la kampani, nthawi zina osatuluka n'komwe, ife n'kudzamva munthu atafika kale ndi katundu wake akufunsa nyumba ya lendi. Zotsalira eni dera ndi ulonda, kudula nzimbe ndi kutsuka mapoto. Chidziwitso chikatipeza, yambani kuwerenga nafe: fotokope, chidindo chotsimikizira mapepala, bandulo yotumizira kalata pa intaneti, minibasi ya makilomita pafupifupi 100 kupita mumzinda, kukagona pabalaza pa msuweni ku Kawale kapena ku Area 25, kenaka ulendo wobwerera. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulendo umodzi wotere umadya phindu la kabaza la masiku ambiri. Ukafika umapeza khwimbi la anzako, aliyense envelopu ya khaki m'khwapa, mukulimbirana mpando umodzi. Ndipo pali masiku ena, Bwana, pamene mafunsowo amaoneka okha kuti ndi ongokwaniritsa mwambo, mwini mpando anadziwika dzana. Yankho silibwera, ngakhale la "pepani".

Pa wailesi timamva zoti kumayiko ena mabwana amapita m'makoleji kukalimbirana ophunzira asanalembe ndi mayeso omwe. Kuno olimbirana ndife, ndipo olemba ntchito akudziwa. N'chifukwa chake pa ntchito yoyambira, ya malipiro osakwana lendi ndi thumba la chimanga, amalemba kuti akufuna munthu wa zaka zitatu kapena zisanu akugwira ntchitoyo. Zakazo tikazitenga kuti? Boma linayambitsa ndondomeko yoti omaliza maphunziro aziphunzira ntchito m'maofesi ake mu 2018, ndi kangachepe ka K80,000 pamwezi poyamba paja. Ena mwa ife tinadutsamo, tinagwira ntchito yeniyeni, nthawi itatha tinabwerera kumudzi. Chopweteka n'chakuti mabwana ena miyezi imeneyo saiwerengera ngati luso.

Pagombe pano pali chizolowezi china chimene chakula. Nyengo ya Khirisimasi ndi Pasaka ikayandikira, malo ena ogona alendo amatenga achinyamata ophunzira za kuphika ndi kulandira alendo ponena kuti akuwaphunzitsa ntchito. Amagwira usana ndi usiku, malipiro ake mbale ya nsima ndi ndalama ya thiransipoti. Alendo akatha amauzidwa kuti adzaitanidwa, chaka chamawa n'kutenga gulu lina. Olemba ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku thumba la TEVETA kuti dziko liphunzitse amisiri. Nanga amisiriwo akaphunzira, bwanji kontilakita wa ntchito za boma amabwera ndi wowotcherera, wamagetsi ndi womanga wake pa lole kuchokera kutali, ife n'kutipatsa wilibala?

Alongo athu atipempha kuti ichi tisachibise. Ija anthu amaitcha kapeti intaviyu iliko. Mtsikana amaimbiridwa foni madzulo kuti akakumane ndi bwana kuloji "akambirane za kalata yake". Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limaletsa khalidwe limeneli, koma wofuna ntchito sadziwa khomo lokagogoda, ndipo amaopa kuti dzina lake lidzamveka boma lonse. Palinso akathyali a pa WhatsApp amene amatiuza kuti titumize ndalama ya fomu, tikatumiza nambala n'kuzima.

Mukukumbukira Juni 2020, achinyamata atapondana mpaka kuvulala ku Mzuzu polimbirana mafunso a ntchito za alangizi a zaumoyo. Chaka chomwecho tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 anakwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ili mkati, ndipo kunyumba kunatsala ambiri owasirira. Anzathu ena ali ku Joni akusamalira maluwa ndi agalu a eni, digiri itatsekeredwa m'sutikesi kwa agogo.

Tsono tikupempha izi. Khonsolo igwirizane ndi makampani, mahotela, mabungwe ndi makontilakita onse ogwira ntchito m'boma muno kuti malo aliwonse a ntchito azimatidwa pa bolodi la ofesi ya zantchito, pa ofesi za makomiti a chitukuko a m'madera (ma ADC) ndi kulengezedwa pa wailesi kwa masabata awiri, ndipo mafunso a ntchito ya ku Salima azichitikira ku Salima. Sitikunena kuti wa ku Karonga kapena ku Nsanje asalembedwe kuno, nafenso timafunsira kwawo. Abwere, tidzakhale naye pa benchi limodzi.

Ofesi ya zantchito itsekule kaundula wa omaliza maphunziro a m'boma lino ndi luso lawo, kuti pasapezeke wonena kuti anafunafuna koma ku Salima kulibe anthu. Iyenderenso malo ogona alendo nyengo ya zikondwerero: wophunzira ntchito akhale ndi kalata ya mgwirizano, tsiku lomalizira, kangachepe kooneka, ndi kalata ya umboni pochoka. Aphungu athu akanene ku Nyumba ya Malamulo kuti miyezi yophunzira ntchito m'boma iziwerengedwa ngati luso pa ntchito zonse zoyambira, ndiponso kuti kubweza ngongole ya sukulu kuziyendera limodzi ndi kupeza ntchito. Pomaliza, pakhale ofesala wamkazi wodziwika dzina ndi khomo, wolandira mwachinsinsi madandaulo a atsikana.

Tikupempha kuti mutiyankhe polemba kalata pasanathe masiku 21 chilandirireni chikalatachi, ndiponso muitanitse msonkhano m'holo ya khonsolo, olemba ntchito ndi mafumu alipo. Tidzabwera ndi mapepala athu enieni kuti aliyense adzawaone.

Ife ana anu,

Achinyamata omaliza maphunziro a m'mbali mwa nyanja, boma la Salima