Kodi Galasi Likonza Mfuti?

Cimanga cikayamba kukhwima, nguluwe ndi anyani sasowa m'minda, ndipo alimi amene ali ndi mfuti za laisensi ayamba kuganiza zozikonza. Ena amva kuti munthu akamanga galasi loonera patali pamwamba pa mfuti, angathe kugwetsa nguluwe pa mtunda wa mayadi 500. Cotero afuna kutayira ndalama za fodya wao pa galasilo. Ife tinena kuti ayambe aganiza bwino.

Tiyeni tione m'mene anacitira anthu odziwa nchitoyi. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, asilikali a ku Britain anafuna mfuti zolasa patali. Mfuti yao inali Lee-Enfield ya .303, mtundu umene asilikali a King's African Rifles ananyamulanso. Kuyambira caka ca 1942 nchito yoikonza inapatsidwa kwa amisiri a Holland & Holland a ku London. Amisiriwa sanamange galasi pa mfuti iri yonse ai. Analandira zokhazo zimene zinaombera bwino poziyesa ku fakitale, naziyesanso, nakana zina. Pambuyo pace ndipo anamanga galasi, naika kamtengo kotsamirapo tsaya. Phunziro lace nali: galasi lidza pomariza. Lionetsa nyama ngati iri pafupi, koma silingaciritse mpope wodyeka ndi dzimbiri.

Ganizaninso za ulendo wa cipolopolo. Cipolopolo ca .303 cituruka ndi liwiro la mapazi 2,440 pa sekondi imodzi, koma ciyamba kugwa pomwe caturuka mu mpope. Mfuti yolinganizidwa pa mayadi 100 igunda pansi koposa phazi limodzi pa mayadi 300, ndi koposa mapazi 5 pa mayadi 500. Mphepo yoomba cam'mbali icikankhanso. Dzanja likanjenjemera pang'ono, kuphonya kwa inchi imodzi pa mayadi 100 kusanduka mainchesi 5 pa mayadi 500. Galasi silicotsa cimodzi ca zinthu zitatuzi.

Nanga cotsatira nciani? Nguluwe yolasidwa pamimba kapena pamwendo ithawira kuchire, ndipo kumeneko iri yoopsa kwa amai otola nkhuni ndi ana oweta mbuzi. Cipolopolo cophonya cipitirira mtunda woposa mailosi imodzi ndi theka, ndipo midzi yathu iri yoyandikana. Munthu woyang'ana m'galasi aona nyama yokha, osaona njira ya kudambo imene iri kuseri kwace.

Mlimi wofuna kukonza mfuti yace ayambe ndi zinthu zosalira ndalama zambiri. Coyamba, tsukani mpope tsiku lomwelo mwaombera. Zipolopolo zakale za asilikali zisiya mcere woitana dzimbiri. Cifukwa cace thirani madzi owira mu mpope, muumitse, mudzoze mafuta pang'ono. Caciwiri, onani zomangira zimene zigwira citsulo ku mtengo wace, pakuti mtengo utupa m'dzinja ndi kuuma m'cirimwe, ndipo zomangirazo zikhwepa. Cacitatu, khalani ndi zipolopolo za mtundu umodzi. Tsamiritsani mfuti pa thumba la mcenga, ikani candamale patsogolo pa culu cacikuru pa mayadi 100, muombere kasanu. Zipolopolo zonse zikagunda malo osaposa cikhatho, mfuti yanu iri bwino, ndipo ikwanira nchito ya kumunda. Cacinai, musapale pokhethemulira ndi tupa kuti pafewe. Mfuti yotere ilira yokha ikagwa pansi. Nchito imeneyo ndi ya mmisiri wa mfuti.

Kumbukiraninso kuti laisensi ya mfuti si cilolezo cophera nyama iri yonse. Lamulo la 1992 losunga nyama zakuthengo m'Malawi liteteza nyama zambiri. Funsani anyakwawa ace musanaombere.

Mlenje weni weni ndiye adziwa njira za nyama, aona kumene mphepo icokera, nadikira mpaka nyama yafika pamene sangaiphonye. Akuluakulu anati fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Ndalama za galasi mugulire feteleza, ndi kumanga cirindo colimba pakati pa munda.