ZA PAKHOMO PATHU: Gemu Yobwereka Kapena Kompyuta Yakoyako?

Makolo anzathu a m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Dwangwa mpaka ku Benga, nkhani ya magemu yatipeza. Ana athu anazolowera kulipira pa shopu kuti asewere mpira wa pa PlayStation, ndipo tsopano ena akuumirira kuti tiwagulire kompyuta ya magemu. Ena ochenjera akuti, "Bambo, musavutike n'kugula. Masiku ano munthu amangolipira pamwezi n'kumasewera pa foni." Kodi mwa ziwirizi chabwino n'chiti?

Tiyambe ndi cholipira pamwezicho. Gemuyo sikhala m'foni mwa mwana wanu ayi. Imakhala m'makompyuta amphamvu a kampani kutali, ndipo foni imangolandira zithunzi kudzera pa intaneti. Mwana akadina batani, uthenga umapita kumeneko, yankho n'kubwerera. Ubwino wake ndi woti simugula makina odula. Koma ntchito yotereyi, monga GeForce Now ya kampani ya Nvidia, itafika kuno kum'mwera kwa Africa mu 2023, inafikira ku South Africa, osati ku Malawi. Mtunda ukatalika yankho limachedwa, ndipo m'gemu ya mpira kuchedwa pang'ono pokha wagoletsa.

Chachiwiri ndi bandulo. Kampani ya Google inkanena yokha kuti magemu ake a Stadia ankadya magigabayiti oposa 4 pa ola limodzi, zithunzi zili zapakatikati. Tawerengerani mtengo wa bandulo ya Airtel kapena TNM, muone kuti masana amodzi a Loweruka angadye ndowa zingati za usipa. Starlink inafika m'dziko muno mu 2023, koma nayo imafuna kugula zipangizo ndi kulipira mwezi ndi mwezi.

Chachitatu ndicho chachikulu. Stadia inatsegulidwa mu November 2019, n'kutsekedwa mu January 2023. Google inabweza ndalama kwa amene anagula magemu, koma magemuwo anapita. Ngati kampani yaikulu chotero inatseka chitseko, nanga zing'onozing'ono? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mlovi amene amagwira ntchito pa chilimira cha mwini amadziwa bwino: mwini akachotsa ukonde wake, iye amatsala pamchenga manja ali m'khosi.

Tisanamizane, kugula nakonso kuli ndi minga yake. Kompyuta ya magemu imachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wotere anakwera mtengo. Imadya magetsi ambiri, mwakuti sola yaing'ono ya pakhomo siingaikwanitse. Tonse tikukumbukira mdima wa 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira. Onjezanipo kutentha kwa kunyanja kuno ndi fumbi, zimene zimafooketsa makina msanga.

Tsono ife tikuti chiyani? Banja limene lili ndi kangachepe ligule kompyuta wamba, ngakhale yogwirapo kale ntchito, yokhala ndi batire labwino. Muikemo magemu osafuna intaneti. Sidzaonetsa zithunzi zokongola ngati za anzathu a ku Johannesburg, koma mwana adzaphunzirirapo kutaipa, kuwerenga zokonzekera mayeso a Fomu 4, ngakhale kulemba mawerengero a nsomba ndi mpunga wa kilombero umene mwagulitsa. Ikadzatopa mudzaigulitsa n'kupezapo kena kake, pamene ndalama ya bandulo ikapita yapita.

Amene sangakwanitse asachite manyazi, ndipo asakongole chifukwa cha masewera. Fizi iyambe, gemu itsate.

Pomaliza, makinawo akhale pabalaza, poonekera aliyense, osati kuchipinda. Gwirizanani ndi ana za maola osewera musanagule, chifukwa kuwongola mtengo n'kuung'ono. Inunso tsiku lina khalani nawo pansi akuphunzitseni. Mudzadziwa zimene akuona, ndipo mwina mudzawachinya chigoli chimodzi.